Kodi mwana wa zaka ziwiri anafika bwanji pa Halloween?

Gulu la banja lathu pa WhatsApp linatentha sabata yatha. Achemwali anga amene amakhala ku Glasgow, m'dziko la Scotland, anatumiza chithunzi cha mwana wawo wa zaka ziwiri atamuveka chovala chofufuma ngati dzungu, kumutu kachipewa kobiriwira, m'manja kandowa ka pulasitiki. Anati akukonzekera Halloween ya kunazale. Sipanathe mphindi khumi amayi anali atatumiza uthenga wa mawu kuchokera kumudzi: "Mwana wanga, mdzukulu wangayo mwayamba kumupereka kwa mizimu?" Achemwali anayankha kuti, "Amayi, musadandaule, ndi masewera a ana, kuno akhala akuchita chonchi kuyambira kalekale." Poti ine ndimaphunzira mbiri yakale, mlanduwo anauponya kwa ine ngati amalume a mwanayo.

Ndawerenga zimene ndinakwanitsa kupeza, ndipo ndaona kuti onse awiri akulakwitsa chinthu chimodzimodzi. Akuganiza kuti Halloween yakhala ili momwe ilili lero kuyambira pachiyambi. Koma mwana wamng'ono ndi mlendo pa usiku umenewu. Anafikapo posachedwa, ndipo anamubweretsa ndi akuluakulu amene ankafuna kuweta usiku umene unawakanika.

Anthu ambiri amayambira nkhaniyi pa Samhain, chikondwerero cha anthu akale a ku Ireland chimene chinkachitika chakumayambiriro kwa Novembala, zokolola zitatha, dzinja lozizira likuyamba. Nkhani zakale za ku Ireland zimatchuladi Samhain ngati nthawi ya misonkhano ndi maphwando, komanso nthawi imene zachilendo zinkachitika. Koma nkhanizo zinalembedwa ndi amonke achikhristu patatha zaka mazana ambiri dzikolo litalandira Chikhristu. Ronald Hutton wa ku yunivesite ya Bristol, m'buku lake la 1996 lotchedwa The Stations of the Sun, anasonyeza kuti umboni woti Samhain inali chikondwerero cha akufa ndi wochepa kwambiri. Mauthenga amene timatumizirana mu Okutobala, ofotokoza mwatsatanetsatane miyambo ya ansembe achikunja usiku umenewo, amanena zambiri kuposa zimene zolembedwa zimalola.

Mbali ya akufa ili ndi chiyambi chodziwika bwino, ndipo ndi cha tchalitchi. Papa Gregory III, amene analamulira kuyambira 731 mpaka 741, anapatula kachipinda kopemphereramo m'tchalitchi cha Petro Woyera ku Rome pokumbukira oyera onse. Mu 835 mfumu Louis the Pious inalamula kuti tsiku la Oyera Onse lizisungidwa pa 1 Novembala mu ufumu wake wonse. Kenako Odilo, mkulu wa amonke a ku Cluny ku France, anakhazikitsa 2 Novembala kukhala tsiku lopempherera mizimu ya akufa onse. Akatolika kuno kwathu amasunga masiku awiriwa mpaka lero, ndipo ambiri mwezi wa Novembala amapita kumanda kukapempherera abale awo. Dzina lakuti Halloween ndi chidule cha mawu a Chingerezi chakale otanthauza madzulo a tsiku lotsogolera la Oyera Onse. Izi amayi sanakonde kuzimva.

Nanga ankachita chiyani usikuwo? Ku England osauka ankayenda khomo ndi khomo kupempha timakeke, n'kulonjeza kupempherera akufa a m'nyumbamo. Kunali kusinthana: inu mundipatse chakudya, ine ndifupikitse masiku a bambo anu ku puligatoriyo. Ku Scotland ndi ku Ireland achinyamata ankadzidetsa kumaso kapena kuvala zigoba, n'kumayendera nyumba kuimba ndi kuchita nthabwala. Nyali zawo ankazigoba mu turnip, chomera cholimba chobulungira chokula pansi ngati mbatata, chifukwa dzungu ndi mbewu ya ku America. Koma chachikulu kwenikweni chinali kuombeza za ukwati. Ndakatulo ya Robert Burns ya 1785 yotchedwa Halloween imafotokoza anyamata ndi atsikana akuzula masamba m'dimba mumdima komanso kuotcha mtedza pamoto kuti adziwe amene adzakwatirane naye. Unali usiku wa anthu oyamba kufunsirana, wa chipwirikiti ndi mowa. Mwana woyamwa analibe malo pamenepo.

Mnzanga wina wa m'kalasi anati ndiye kuti Halloween ndi Gule Wamkulu wa azungu. Sindikuvomereza, chifukwa Gule ali ndi dambwe, chinsinsi ndi mwambo wolowera, zimene Halloween sinakhale nazo. Koma kufananitsako kumathandiza pa chinthu chimodzi. Kwathu chigoba ndi cha olowa, ndipo kamwana kakaona chilombo kamathawira kumsana kwa amake. Ku Ireland ndi ku Scotland nakonso chigoba chinali cha amene akula. Chodabwitsa m'chithunzi cha achemwali n'chakuti wovala chovalacho ndi amene amayenera kuthawa.

Kusinthaku kunachitikira kutsidya kwa nyanja. Njala yaikulu ya ku Ireland ya 1845 mpaka 1852, imene inabwera mbatatesi zitaola ndi matenda, inapha anthu pafupifupi miliyoni imodzi ndipo ena opitirira miliyoni anathawa m'dzikomo, ambiri kupita ku America ndi ku Canada. Anatenga mwambo wawo limodzi ndi a ku Scotland amene anasamukanso. Kumeneko kupempherera akufa kunatsalira m'tchalitchi, kuombeza za ukwati kunasanduka masewera a pa phwando, ndipo chimene chinakula mumsewu chinali chipongwe. Anyamata ankachotsa zitseko za mipanda, kugwetsa zimbudzi zamatabwa, kukweza ngolo padenga la khola, kutsegulira ziweto. Kumudzi zimenezi anthu ankangotukwana n'kuiwala. M'mizinda imene inali kukula mofulumira, yodzaza magalimoto, mawindo agalasi ndi mawaya a magetsi, chipongwecho chinayamba kuwononga chuma chenicheni.

Apa ndi pamene pandisangalatsa kwambiri. M'malo mothetsa usikuwo, akuluakulu anasankha kuugula. Tauni ya Anoka m'chigawo cha Minnesota inakonza chikondwerero cha tauni yonse mu 1920, chokhala ndi perete ndi zakudya, cholinga chake achinyamata atanganidwe asakachite zachipongwe. Masukulu, mipingo ndi magulu a amayi m'matauni ena anachita zofanana nazo. Mawu akuti trick or treat anayamba kuoneka m'nyuzipepala za ku Canada m'zaka zomwezo, ndipo chitsanzo chodziwika kwambiri ndi cha ku Blackie m'chigawo cha Alberta mu 1927. Tanthauzo lake ndi chiopsezo: mutipatse kanthu, apo ayi tikuchitani chipongwe. Siwiti inali chiphuphu chotetezera mpanda wako. Mwana wa achemwali akamadzayesa kutchula mawu amenewo ndi lilime lake lolemeralo, adzakhala akubwereza chiopsezo cha anyamata ogwetsa zimbudzi, ndipo aliyense adzangoti kamwana kokongola.

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse inadodometsa mwambowu chifukwa shuga ku America ankagawidwa moyeza kuyambira 1942 mpaka 1947. Shuga atabwerera, anapeza dziko losintha. Ana anali kubadwa ochuluka, mabanja achinyamata anali kusamukira kumadera atsopano kunja kwa mizinda, nyumba zofanana zitandandalikana mumsewu umodzi, anthu ake osadziwana. Malo otere ndi abwino kwambiri kwa mwana woyenda khomo ndi khomo. Mu 1950 ana a ku Philadelphia anayamba kusonkhetsa ndalama za UNICEF pa Halloween, zimene zinapatsa mwambowu nkhope yachifundo. Mu 1952 kampani ya Disney inatulutsa katuni ya Donald Duck yotchedwa Trick or Treat. Makampani a masiwiti ndi a zovala zotchipa za m'sitolo anaona msika. Pofika kumapeto kwa zaka za m'ma 1950, usiku umene unali wa anyamata opulupudza unali wa ana a pulayimale. Komabe ana amenewa ankayenda okha m'timagulu, makolo ali kunyumba.

Chimene chinatulutsa makolo m'nyumba ndi mantha atsopano. Kale anthu a m'nyumba ankaopa ogogoda. Kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1960, ogogoda ndi amene anayamba kuopa a m'nyumba. Mphekesera zinafala za malezala obisidwa m'maapozi ndi masiwiti othiridwa poizoni. Mu 1974 ku Texas mnyamata wa zaka 8, Timothy O'Bryan, anafadi atadya siwiti yothiridwa cyanide usiku wa Halloween. Khoti linapeza kuti anamupha ndi bambo ake omubereka, Ronald Clark O'Bryan, pofuna ndalama za inshulansi, ndipo bamboyo anaphedwa ndi boma mu 1984. Mu 1982 anthu 7 anafa m'dera la Chicago atamwa mankhwala a Tylenol amene wina anathiramo cyanide, patangotsala mwezi umodzi kuti Halloween ifike. Nkhaniyo sinkakhudza masiwiti, koma mantha sasankha. Katswiri wa za chikhalidwe cha anthu Joel Best anafufuza malipoti a m'nyuzipepala a zaka zambiri, ndipo mu 1985 anafalitsa zimene anapeza: panalibe umboni wa mwana ngakhale mmodzi amene anaphedwa ndi siwiti yopatsidwa ndi munthu wachilendo pakhomo. Ngozi yeniyeni ya usikuwo ndi galimoto. Kafukufuku amene anatuluka mu JAMA Pediatrics mu 2018, woona zaka za 1975 mpaka 2016 ku America, anapeza kuti oyenda pansi amafa kwambiri madzulo a Halloween kuposa madzulo ena, makamaka ana a zaka 4 mpaka 8.

Mphekesera ija inali yabodza, koma zotsatira zake zinali zenizeni. Makolo anayamba kuperekeza ana. Nthawi yoyenda inasunthira kumadzulo kusanade kwenikweni. Masitolo akuluakulu anayamba kugawa masiwiti masana, ndipo mipingo ina inayambitsa zoimika magalimoto pabwalo la tchalitchi, ana n'kumayenda galimoto ndi galimoto kutenga masiwiti kubuti. Maganizo anga ndi akuti apa ndi pamene mwana wa zaka ziwiri analowera. Kholo likakhala kuti likupita ndithu kukaperekeza wamkulu, wamng'ono samusiya. Usiku ukachotsedwa mdima, mtunda ndi alendo, palibenso chomuletsa. Kenako kunabwera foni yojambula ndi Facebook, ndipo kamwana kovala ngati dzungu kanasanduka chithunzi chimene aliyense amafuna. Tinene zoona, mwana wa msinkhu umenewo sadziwa kuti Okutobala n'chiyani, sadzakumbukira tsikulo, ndipo masiwiti olimba sayenera n'komwe kupatsidwa chifukwa akhoza kutsamwa. Chikondwererocho ndi cha makolo.

Mwambowu unabwereranso kumene unachokera utavala za ku America, kudzera m'mafilimu ndi pa TV. Ku England tsiku lalikulu la nyengo imeneyi linali 5 Novembala, pokumbukira chiwembu cha Guy Fawkes cha 1605, koma Halloween yalilanda malo pang'onopang'ono. Ku Scotland dzungu lagonjetsa turnip, imene kuigoba kwake kumapweteka manja. Chatsala kumeneko ndi lamulo lakale lakuti mwana asanalandire kanthu aziyamba waimba, kunena ndakatulo kapena nthabwala.

Sindikufuna kuti amayi aoneke ngati osadziwa. Pali chimene iwo akudziwa chimene mayi wa ku Glasgow anaiwala. Chipewa chosongoka cha mfiti kumeneko ndi nthabwala chifukwa nkhani ya ufiti inatha kuwawa. Scotland inali ndi lamulo lopha mfiti kuyambira 1563 mpaka 1736, ndipo anthu pafupifupi 2,500 anaphedwa, ambiri a iwo akazi. Mu Malichi 2022 nduna yaikulu Nicola Sturgeon anapepesa m'malo mwa boma. Papita zaka pafupifupi 300. Kwathu kuno, ngakhale lamulo la 1911 limaletsa kutchula munthu mfiti, agogo akuphedwabe m'midzi chifukwa cha dzina lomwelo. Mayi wachikulire wa kumudzi akamva kuti ana akuvekedwa ngati mfiti ndi mizukwa kuti anthu aseke, sangaseke nawo. Chimene chawatsutsa m'mbiri ndi chiyambi cha tsikulo, osati kulemera kwa zizindikiro zake. Ndipo achemwali nawo sangabisale kumbuyo kwa mawu akuti kalekale, poti mwambo wotenga mwana wosatha kulankhula kupita naye kukagogoda pakhomo la eni ndi wamng'ono kuposa amayi athu omwewo.

Ndinawalembera achemwali kuti dzungu ndi dzungu, timadya nkhwani zake chaka chonse, ndipo sindikuonapo mzimu. Ndinawapempha kuti za mfiti ndi mafupa azisiye, amugwire mkono mumsewu, ndipo masiwiti adye okha. Anandiyankha zimene sindinaganizire. Akhala m'nyumba imeneyo zaka zinayi, ndipo anansi ambiri amangokodolana mutu pamasitepe. Chaka chatha anaona kuti pa 31 Okutobala ndi tsiku lokhalo limene zitseko za mumsewu wawo zimatseguka popanda kupangana, ndipo amafuna mwana wawo adziwike kuti ndi wa m'deralo, anthu amuone nkhope ndi kumudziwa dzina. Akonza zopita nyumba zitatu zokha, zimene zayatsa nyali ya dzungu pakhomo, cha m'ma 5 koloko, ndipo akumuphunzitsa kanyimbo ka Chichewa koti akaimbe poti lamulo la kumeneko limafuna nyimbo. Amayi sanayankhe uthenga wanga wautaliwo. Dzulo anangofunsa pagulu lija ngati chovalacho chili ndi juzi m'kati, poti amva kuti ku Glasgow kwayamba kuzizira.