Njira ya ku Lusaka ndi Mbiri Yace

Munthu wocoka ku Kafue m'mamawa pa basi angathe kufika ku Lusaka dzuwa lisanayambe kutentha, pakuti mtunda wace ndi wa mamailosi 28 okha, ndiwo makilomita ngati 45. Koma ambiri ofika kumeneko ulendo woyamba, ngakhale amuna ozolowera matauni a ku migodi monga Kitwe ndi Luanshya, azizwa ndi mayalidwe a mzindawo. Masitoro ali paokha, maofesi a boma ali patali paokha, ndipo makomboni anamwazikana uku ndi uku. Mlendo wofuna kutha zinthu ziwiri pa tsiku limodzi atha kuyenda mpaka mapazi kutupa. Zimenezi sizinacitike mwangozi ai. Mzindawo unayalidwa cotero dala, ndipo wodziwa mbiri yace sasocera msanga.

Kafue ndi Lusaka ndi ana a mimba imodzi, pakuti onse awiri anabadwa ndi njanje. M'caka ca 1902 Azungu anapeza miyala ya mtobvu ndi zinki pa Broken Hill, pamene lero pali Kabwe, ndipo anafulumira kuyala njanje kucokera ku Livingstone kuti akatenge cumaco. Cinthu cimene cinawabvuta koposa panjira ndico mtsinje wa Kafue. Kampani ya Pauling inamanga ulalo wacitsulo pamenepo m'caka ca 1906, wa zigawo 13, utali wace mamita 427, ndipo tauni ya Kafue inamera m'mbali mwace. Omanga njanje anali kusiya malo opatukirapo sitima pa mamailosi 20 ali onse. Amodzi mwa malo amenewo, m'caka ca 1905, anagwera pafupi ndi mudzi wa mfumu Lusaaka, m'dziko la Asoli ndi Alenje, ndipo anatenga dzina la mfumuyo.

Kwa zaka zambiri Lusaka anali kamudzi ka alimi Acizungu ndi masitoro owerengeka, ondandalikana kumadzulo kwa njanje. Ngakhale boma la cigawoco silinali pamenepo, linali ku Chilanga, pakati pa Kafue ndi Lusaka. Pansi pa kamudziko pali thanthwe la laimu, ndipo malo ace ndi acidikha. Cotero m'cilimwe munali fumbi loyera, ndipo m'dzinja madzi anali kuima m'miseu, ngolo za ng'ombe zili kutitimira m'matope. Mseu umene unadutsa pakati pa masitorowo ndiwo unapatsidwa dzina lakuti Cairo Road, cifukwa ca maganizo a Cecil Rhodes ofuna njira yocokera ku Cape Town kukafika ku Cairo.

Nthawi imeneyo likulu la Northern Rhodesia linali ku Livingstone, kuyambira caka ca 1911. Koma Livingstone ali ku malire a kumwera, malo otsika ndi otentha. Pamene migodi ya mkuwa ya Roan Antelope, Nkana, Mufulira ndi Nchanga inayamba kukula, zaka za m'ma 1920 zili kutha, kunaoneka kuti boma lili kutali ndi kumene kuli cuma ndi anthu anchito. Bwanamkubwa Sir James Maxwell anaitanitsa katswiri wa mayalidwe a mizinda, Professor Stanley Adshead, ndipo m'caka ca 1931 Lusaka anasankhidwa. Zifukwa zace zinali zomveka. Malowo ali pamtunda, mamita ngati 1,280 pamwamba pa nyanja yamcere, kotero kuti ndi ozizirirapo kuposa cigwa ca Kafue cimene cili ndi udzudzu wambiri. Madzi apezeka pansi pa thanthwe. Ndiponso pamenepo njanje ikomana ndi mseu wa kum'mawa wopita ku Fort Jameson, ndiye Chipata wa lero. Boma linasamukira ku Lusaka m'caka ca 1935, Bwanamkubwa ali Sir Hubert Young.

Tsono likulu latsopanolo silinamangidwe pa Cairo Road. Analimanga pa citunda ca kum'mawa kwa njanje, cimene amati Ridgeway, kutali ndi matope. Kumeneko anaimika nyumba ya maofesi a boma ndi nyumba ya Bwanamkubwa, nalambula miseu yotakata, nabzala mitengo m'mbali mwace. Anauyalira anthu okhala ndi magalimoto. Za munthu woyenda pansi sanaziganizire kweni-kweni, ndipo ici ndico cifukwa cace mpaka lero masitoro ndi maofesi atalikirana.

Nanga eni dziko anaikidwa kuti? Akale anati mlendo ndi mame, sacedwa kukamuka, ndipo boma la nthawi ija linaona munthu wakuda m'tauni monga mame omwewo. Linati mwamuna abwere yekha kudzagwira nchito, ndipo nchito ikatha abwerere kumudzi. Ku Kabwata anamanga timanyumba tozungulira ta cipinda cimodzi, tofolera ndi udzu, toyenera mbeta. Nyumba inali kuyendera pamodzi ndi nchito: wocotsedwa nchito anataya ndi pogona pomwe. Lamulo la caka ca 1948 ndilo linakakamiza makhonsolo kumanga nyumba za anthu apabanja, ndipo m'zaka zotsatira Chilenje ndi Matero anakula. Koma nyumbazo sizinakwanire, cotero ambiri anadzimangira okha pa mafamu a Azungu ozungulira mzinda. Makomboni ena, monga John Laing ndi John Howard, ali ndi maina Acizungu kufikira lero.

Munthu wa ku Kafue wopita ku Lusaka masiku amenewo anayenera kukonzeka bwino. Coyamba cinali citupa, pakuti wopezeka wopanda citupa anali kugwidwa. Pa sitima anakwera cigawo cacinai, pa mipando yamatabwa. Usiku sanaloledwe kuyenda m'dera la Azungu wopanda kalata. Pa masitoro ambiri a pa Cairo Road sanalowe pakhomo, koma anaima pa kazenera ka kumbali, napereka ndalama, nalandira cimene wogulitsa wam'sankhira. Pa mabuchala anapatsidwa nyama yokulunga kale, osaiona. Cifukwa ca ici ambiri anakonda kugula kwa Amwenye ku Kamwala, kumene munthu anatha kugwira nsaru ndi manja ace ndi kunenerera mtengo.

Tizenera timeneto nditi tinautsa mkwiyo. M'caka ca 1954 African National Congress, motsogozedwa ndi Harry Nkumbula, mlembi wace ali Kenneth Kaunda, inauza anthu kuti aleke kugula nyama pa mabuchala a mu Lusaka, ndipo amai anaima pa makomo kubweza ogula. M'caka ca 1960 lamulo linatsegulira anthu onse nyumba zodyeramo ndi za kanema, ndipo caka comweco Lusaka analandira ulemu wa kukhala mzinda. M'caka ca 1961, pa nthawi ya Cha Cha Cha, anthu a zigawo za kumpoto anatentha zitupa zao. Pa 24 October 1964 mbendera ya Zambia inakwezedwa mu Lusaka, ndipo amene anayesedwa mame anasanduka eni mzinda.

Mlendo wa lero angathe kuwerenga mbiri yonseyi ndi maso ace ngati atsata njira mwa dongosolo. Pocoka ku Kafue apitirira Chilanga, pamene pali fakitale ya simenti imene inayamba kuumba m'caka ca 1951, ndipo simenti yace inamanga damu la Kariba. Polowa mumzinda afika pa Kafue Roundabout, pamene pali nyumba yaitali ya Findeco House. Pamenepo ndi pa mutu wa Cairo Road, ndipo mseuwo ulunjika kumpoto mtunda woposa mailosi imodzi mpaka pa Kabwe Roundabout. Asunge mseu umenewu m'mutu monga msana wa mzinda. Kumadzulo kwace kuli Cha Cha Cha Road, Freedom Way ndi Lumumba Road, ndiko kuli misika ya City Market ndi Soweto ndi masiteshoni a mabasi ang'ono. Kum'mawa kwace kuli njanje, ndipo patsidya pa njanje, pa Dedan Kimathi Road, pali siteshoni ya sitima ndi ya Inter-City, pokwerera mabasi a ku migodi ndi a ku Chipata.

Wofuna za boma atenge Independence Avenue kucokera pa Kafue Roundabout pomwepo, aoloke njanje, asiye Kamwala ku dzanja lamanja. Posacedwa aona cifanizo ca ufulu, ca mwamuna wodula maunyolo, cimene cinaimikidwa m'caka ca 1974, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale imene inatsegulidwa m'caka ca 1996. Pokwera citunda apeza chalichi cacikulu ca Holy Cross, ca m'caka ca 1962, ndi maofesi akale aja a 1935, ndipo patsogolo pace State House. Kumwera kwa cigawo cimeneci kuli Kabwata, kumene timanyumba 43 tozungulira tinasungidwa, ndipo amisiri asemeramo ziboliboli. Ku Chilenje kuli nyumba ya nambala 394, m'mene Kaunda anakhala kuyambira 1960 mpaka 1962. Munthu wa ku migodi ayenera kukaonanso Nyumba ya Malamulo pa Manda Hill, pafupi ndi mseu wa kum'mawa: inatsegulidwa m'caka ca 1967, ndipo anaikuta ndi mkuwa. Ili pa malo amene akale anena kuti panali mudzi wa Lusaaka.

Za kakweredwe, masiku a mabasi a boma anapita pamene kampani ya UBZ inatha m'caka ca 1995. Mabasi ang'ono a anthu wamba ndiwo anyamula mzinda, ndipo sanyamuka pa siteshoni asanadzaze. Cotero wokhala ndi nthawi yopangana ku ofesi kapena ku cipatala alawire. Afunse kondakitala kumene basi ipita ndi mtengo wace asanakhale pansi, pakuti safunsa anadya phula. Ndalama zace azisunge bwino m'misika, m'mene anthu apanikizana. M'dzinja akumbuke kuti thanthwe lija likali pomwepo, ndipo kumadzulo kwa njanje, makamaka ku Kanyama, madzi aima monga kale.

Ludzu likam'gwira mlendo wa ku Kafue, amwe madzi mosacita manyazi. Gawo lalikulu la madzi a m'mipope ya Lusaka lipopedwa mu mtsinje wa Kafue pa Iolanda, niliyenda m'mipope kukwera mtunda womwewo umene iye wayenda pa basi. Magetsi ambiri ounikira mzindawo acokeranso ku Kafue Gorge, kumunsi kwa tauni ya kwao.