Magetsi a sola kumudzi: malo oika panelo ndi kukula kwake

Magetsi ochokera ku panelo ya sola ndi m'batire amayenda njira imodzi osabwerera. Akatswiri amawatcha DC, pa Chipwitikizi corrente contínua. Ndi osiyana ndi a EDM olowa m'nyumba za m'tauni ya Moatize, omwe amapita ndi kubwerera ka 50 pa sekondi iliyonse.

Chigawo cha Tete chinawadziwa kale magetsi a DC. Mbali yaikulu ya magetsi a damu la Cahora Bassa imachoka ku Songo ngati DC, n'kuyenda makilomita oposa 1,400 mpaka ku Apollo, m'dziko la South Africa. Amafika kutali chonchi chifukwa amakankhidwa ndi mavolti 533,000. Sola ya pakhomo ili ndi mavolti 12 kapena 24 basi, ndipo vuto lagona pamenepa: mavolti akachepa, waya amadya magetsi ambiri.

Tiyerekeze mlimi wa ku Zóbuè amene ali ndi mpope wa mawati 120 pa mavolti 12. Mpopewo umakoka maampeya 10. Akaika batire mamita 20 kutali ndi mpope, waya wopita ndi wobwerera ndi mamita 40. Ngati ndi waya wa kopa wa 2.5 mm², mavolti pafupifupi 3 amathera m'njira, kutanthauza kuti gawo limodzi mwa magawo 4 a mphamvu langotenthetsa waya. Mpope wa mawati omwewo pa mavolti 24 umataya gawo limodzi chabe mwa magawo 4 a zomwe zimatayikazo. Ambiri madzi akamatuluka mofooka amathamangira kukagula panelo ina, pomwe kusendeza yomwe ali nayo kufupi ndi mpope, kapena kugula waya wonenepa, kukanakwanira.

Mabanja angapo akalumikizana pa waya mmodzi, nyumba yakumapeto ndiyo imaona mababu ofiira. Apa ndi pamene akatswiri amasankha kumwaza mapanelo ndi mabatire ang'onoang'ono m'malo angapo m'malo mounjika zonse pamodzi. Amawerengera pa kompyuta, koma mfundo yake ndi yosavuta: gwero la magetsi likhale pafupi ndi chodya kwambiri, monga filiji ya pagolosale kapena mpope, ndipo lina laling'ono likhale chakumapeto kwa waya.

Kukula kwa panelo kumayambira pa zomwe banja limayatsa. Mababu 4 a mawati 5 oyaka maola 5 ndi 100. Wailesi ya kanema ya mawati 30 kwa maola 4 ndi 120. Kuphatikiza kutchaja mafoni, zonse zimafika cha m'ma 250 patsiku. Panelo ya mawati 100 imakwanitsa zimenezi tsiku la dzuwa labwino. Koma Zóbuè ndi kumapiri, ndipo mu Juni ndi Julayi mitambo imatha kukuta masiku angapo, choncho kuwerengera dzuwa la Okutobala n'kudzinamiza. Batire ya asidi isamatsike kupitirira theka, apo ayi siikhalitsa. Pakati pa panelo ndi batire pakhalenso regulador woteteza kuti isadzaze mopyola.

Kumunsi ku Moatize mdani ndi kutentha ndi fumbi. Batire ikhale pamthunzi podutsa mphepo, osati pansi penipeni pa malata, ndipo panelo izipukutidwa ndi nsalu yonyowa m'mawa isanatenthe. Iyang'ane kumpoto, yopendekeka madigiri pafupifupi 15, kutali ndi mthunzi wa mango, popeza mthunzi wa nthambi imodzi umatsitsa mphamvu ya panelo yonse.

Wothirira kudimba angachite bwino kupopera madzi m'thanki masana kusiyana n'kugula mabatire ambiri. Midzi yofuna magetsi a onse pamodzi ingafunse ku boma za FUNAE, bungwe lomwe linakhazikitsidwa mu 1997 ndipo limaika sola kumadera komwe waya wa EDM sanafike.