Maulendo aatali a ku Mzuzu ndi Kumpoto

Mzuzu ndi mzinda waukulu wa Chigawo cha Kumpoto, ndipo ndi pamphambano pa maulendo aatali a m'chigawochi. Msewu wa M1 wochokera ku Lilongwe umadutsa pano n'kutsika phiri la Chiweta kupita ku Karonga mpaka kuchipata cha Songwe. Msewu wa M5 umatsikira ku Nkhata Bay, komwe imakocheza sitima ya Ilala imene yakhala ikuyenda panyanja kuyambira 1951. Mzinda wa Mzuzu ndi waung'ono pa zaka. Unakula mozungulira minda ya mitengo ya tung m'zaka za m'ma 1940 ndipo unalandira udindo wa mzinda mu 1985. Koma mtima wokonda kuyenda kutali anthu a kuno anali nawo mzindawu usanabadwe.

Gwero lake lalikulu ndi sukulu za mishoni ya Livingstonia. Zinkatulutsa achinyamata odziwa kulemba ndi kuwerenga, pamene ntchito zowayenera kunalibe, msonkho wa atsamunda nawonso ukuwadikira. Ambiri analowera ku Salisbury, ku migodi ya kopa ya ku Northern Rhodesia ndi ku Joni. Ena sanabwererenso, ndiwo machona aja. Clements Kadalie wa ku Chifira, m'boma la Nkhata Bay, anafika ku Cape Town mu 1918, ndipo chaka chotsatira anayambitsa bungwe la anthu apantchito la ICU. Mu 1927 anakafika mpaka ku Geneva kukalankhulira antchito akuda.

Amene ulendo wake umaposa onse ndi Legson Kayira wa ku Chitipa, kumene nthawiyo kunkatchedwa Fort Hill. Atamaliza sukulu ku Livingstonia, ananyamuka mu Okutobala 1958 ali ndi cholinga chokaphunzira ku America. Ndalama analibe, pasipoti analibe, nsapato analibenso. Anatenga bulangete, kankhwangwa, kamba wa masiku ochepa, Baibulo ndi buku la John Bunyan. Kamba atatha, ankagwira maganyu m'midzi ya ku Tanganyika, kudya zimene eni mudzi ankadya ndi kutola mawu a zilankhulo zawo. Apa ndi pamene ulendo wake umasiyana ndi wa munthu wongodutsa, chifukwa mudzi uliwonse ankauphunzira ali ndi khasu m'manja. Ku Kampala, mu 1960, analowa mu laibulale n'kupeza buku la mayina a makoleji a ku America. Analembera kalata Skagit Valley College ya m'chigawo cha Washington, ndipo anamupatsa malo. Anapitirira mpaka ku Khartoum, mtunda wopitirira makilomita 3,000 kuchokera kwawo, ndipo ophunzira ndi anthu a ku Skagit anasonkha ndalama za ndege. Pambuyo pake anaphunzira ku University of Washington ndi ku Cambridge. Buku lake lofotokoza ulendowu, I Will Try, linatuluka mu 1965. Anamwalira ku London mu 2012. 

Masiku ano ulendo wotchuka kwambiri ndi wa ku Tanzania. Amalonda, ambiri mwa iwo amayi, amawoloka pa Songwe, kudutsa ku Kyela ndi ku Mbeya, n'kukafika kumsika wa Kariakoo ku Dar es Salaam. Katundu wawo amaoneka pa msika wa Taifa mumzinda wa Mzuzu: zitenje zopindapinda mpaka kudenga, nsapato, zikwama, ziwiya za kukhitchini. Munthu akaima pamenepo amamva Chitumbuka, Chitonga, Chichewa ndi Chiswahili pamtengo wa chitenje chimodzi. Amayiwa amabwera ndi zambiri kuposa katundu: kaphikidwe ka pilawu ndi chapati, kasokedwe katsopano, luso lonenerera mtengo.

Ulendo wa ku Joni nawo sunathe, makamaka kwa achinyamata a ku Mzimba. Basi imadutsa ku Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, ndipo ambiri amapita chifukwa cha umphawi osati kufuna kuona dziko.

Alendo akunja nawonso amagona ku Mzuzu popita ku Nyika, Vwaza, Livingstonia kapena Likoma. Yunivesite ya Mzuzu, imene inayamba kuphunzitsa mu 1999, ili ndi maphunziro a zokopa alendo, ndipo ena mwa amene amalandira alendowa m'malo ogona a m'mphepete mwa nyanja anaphunzira komweko.