Kusaka mawu a wayilesi zakutali: ku Masambanjati ndi m'minda ya tiyi ya ku Thyolo

Pali anthu amene amatsegula wayilesi osati kuti amve nyimbo kapena uthenga wa maliro, koma kuti agwire mawu a nyumba youlutsira mawu yomwe ili kutali kwambiri, kutsidya kwa nyanja. Chizolowezichi chimadziwika padziko lonse ndi zilembo ziwiri, DX, zomwe akatswiri a telegalafu akale ankagwiritsa ntchito pofuna kunena mtunda wautali. Kuno kwathu dzinali silinafale, koma mchitidwewo unalipo, ndipo m'madera okwera monga Masambanjati, kummwera kwa boma la Thyolo pa msewu wopita ku Thekerani, unkatheka bwino kuposa m'tauni.

Chinsinsi chake chili m'mafunde a shortwave, omwe pa wayilesi amalembedwa kuti SW. Mafunde a FM amayenda molunjika, choncho phiri likawatchinga mawu amathera pomwepo. A shortwave, omwe ali pakati pa 3 ndi 30 MHz, amakwera mumlengalenga, n'kugunda gawo la mpweya lotchedwa ionosphere, n'kubwerera pansi pa mtunda wa makilomita zikwizikwi. Gawoli limasintha ndi dzuwa. N'chifukwa chake masana wayilesi zakutali zimamveka bwino pa mamita 16 ndi 19, pamene usiku zimatsikira pa mamita 31 ndi 49. Mawu amabwera, amazilala, kenaka amabweranso, ndipo womvera amaphunzira kudekha.

Malo ngati Masambanjati ali ndi mwayi wake. Ndi pamtunda, ndipo ndi patali ndi mafakitale a ku Limbe ndi ku Blantyre, omwe makina awo amalowetsa phokoso m'wayilesi. Waya wautali womangidwa kuchokera pa denga kufika pa mtengo wa bulugamu umakwanira kukhala eriyo. Vuto limadza m'nyengo ya dzinja, nthawi yomwe tiyi amaphuka kwambiri ndipo ntchito yothyola imachuluka, chifukwa mphenzi iliyonse imamveka m'wayilesi ngati nkhuni zothetheka pamoto. Miyezi yozizira ya June ndi July, ya chiperoni, ndiyo yabata.

Anthu a ku Nyasaland anayamba n'kumvera wayilesi yakunja asanakhale ndi yawoyawo. Central African Broadcasting Station ya ku Lusaka inkaulutsa m'Chinyanja, ndipo mu 1949 kampani ya Ever Ready inatulutsa wayilesi yotsika mtengo ya mabatire yotchedwa Saucepan Special, chifukwa inkaoneka ngati sefuliya. Mtengo wake unali mapaundi asanu. MBC inakhazikitsidwa mu 1964, ndipo kwa zaka zoposa 30 inali nyumba yokhayo youlutsira mawu m'dziko muno. Kanema wa dziko lino anadzayamba mu 1999.

Apa m'pamene kusaka wayilesi zakunja kunasiya kukhala masewera chabe. Mu ulamuliro wa chipani chimodzi wa Dr Hastings Kamuzu Banda, MBC inkanena zomwe boma lavomereza. Wofuna kudziwa zina ankazungulitsa kabatani mpaka atapeza BBC, makamaka pulogalamu ya Focus on Africa, kapena Voice of America ndi Deutsche Welle. Zinali zodabwitsa ndithu: munthu wokhala ku Thyolo ankamva zochitika ku Zomba kudzera ku London. Mawu ankatsitsidwa kwambiri, ndipo wanzeru sankabwereza pa msika kapena pa mowa zomwe wamva usiku, pakuti sankadziwa amene akhale naye pafupi.

Chaka cha 1992 ndicho chinaonetsa mphamvu ya kawayilesi ka mabatire. Pa 8 March kalata ya maepiskopi a Katolika yodzudzula boma inawerengedwa m'matchalitchi, ndipo boma litailetsa, wayilesi zakunja ndizo zinapitiriza kufotokoza zotsatira zake. Pa 6 April Chakufwa Chihana anamangidwa atangotsika ndege ku Lilongwe, ndipo nkhaniyo inamvekanso kuchokera kunja. Pofika pa riferendamu ya pa 14 June 1993, pomwe Amalawi anasankha ulamuliro wa zipani zambiri, ambiri anali atazolowera kuyerekeza zomwe MBC yanena ndi zomwe BBC yanena.

Si onse ankamva Chingerezi, makamaka pakati pa ogwira ntchito m'maesiteti, komabe Chichewa chinalipo pa shortwave. Radio RSA ya ku South Africa, yomwe inayamba mu 1966, inali ndi mapulogalamu a Chichewa, ngakhale kuti inali mlomo wa boma la tsankho. Mu 1992 inasintha dzina kukhala Channel Africa. Trans World Radio, ya Chikhristu, inayamba kuulutsa kuchokera ku Swaziland mu 1974. Wayilesi ya boma ya ku Zambia nayo inali ndi nthawi ya Chinyanja.

Okonda chizolowezichi ali ndi mwambo wawo. Amasunga kope momwe amalemba tsiku, nambala ya mafunde, nthawi, ndi zomwe amva. Nthawiyo imalembedwa ya GMT, yomwe ili m'mbuyo ndi maola awiri poyerekeza ndi ya kuno, moti 1700 GMT ndi 7 koloko madzulo. Kamvekedwe amakapatsa malikisi kuyambira 1 mpaka 5 potsata ndondomeko ya SINPO, yomwe imayeza mphamvu ya mawu, kulowerera kwa wayilesi zina, phokoso, kuzilala, ndi kamvekedwe konse pamodzi. Akatumiza lipotilo, nyumba youlutsira mawuyo imayankha ndi khadi lotchedwa QSL lotsimikiza kuti anaimvadi. Kusakaku kunkachitika mbali zonse ziwiri: MBC inkaulutsa pa 3380 kHz, ndipo kwa womvera wa ku Ulaya kugwira mawu a ku Blantyre usiku kunali kupha nyama yosowa.

Masiku ano mlengalenga mukuchepa mawu. BBC inatseka malo ake opatsira mawu ku Seychelles mu 2014, Deutsche Welle inatseka a ku Kigali mu 2015, ndipo a ku Meyerton, omwe ankanyamula Channel Africa, anazima mu 2019. Wayilesi za FM zachuluka, BBC imamveka pa FM m'mizinda ikuluikulu, ndipo nkhani zakunja zimafika pa foni. Bata la kumudzi nalo lachepa, chifukwa matchaja a foni, mababu a LED ndi mainveta a magetsi a dzuwa amatulutsa phokoso lomwe limakwirira mawu ofooka. Wofuna kuyesa lero ayenera kupeza wayilesi yokhala ndi SW, azimitse zipangizo zimenezi, atalikire nthambo za magetsi, ndipo ayambe kusaka pa mamita 49 dzuwa likangolowa.