Mwana wa malungo akamapuma mozama: mmene madokotala anadziwira chomwe chimachitika

Kale mwana akafika kuchipatala thupi litatentha, akupuma mozama ngati wathamanga mtunda wautali, ambiri ankati ndi chibayo basi. Ena ankati mtima watopa chifukwa magazi achepa, ndiye ankamuthira magazi pang'onopang'ono, mwamantha, poopa kuti madzi angadzaze m'mapapo.

Maganizo amenewa anayamba kusintha mu 1995. Kevin Marsh ndi anzake ku Kilifi, m'dziko la Kenya, analondoloza ana 1,844 amene anagonekedwa ndi malungo. Anapeza kuti ambiri mwa omwalira anali okomoka kapena opuma movutikira, ndipo imfa zambiri zinkachitika tsiku loyamba lisanathe. Mu 1996 Mike English, ku Kilifi komweko, anaonetsa kuti kupuma kozamaku nthawi zambiri si matenda a mapapo ayi. Maselo ofiira amene alowedwa tizilombo amamatirira m'timitsempha ting'onoting'ono, mpweya wabwino sufika m'minofu, ndipo asidi amachuluka m'magazi. Pofuna kuchepetsa asidiyo, thupi limapumitsa mwana mozama. Chifuwa chili bwinobwino, nkhondo ili m'magazi. Mwana wotere ngati magazi amuchepera, kuchedwa kumuthira ndiye kumapha.

Koma tisati madzi aliwonse ndi abwino. Mu 2011 kafukufuku wa FEAST ku Kenya, Uganda ndi Tanzania anadabwitsa madokotala: kuthira dripi yambiri mofulumira kunkaonjezera imfa za ana. Kwa akuluakulu, makamaka amayi oyembekezera, madzi amadzazadi m'mapapo, nthawi zina munthu atayamba kale mankhwala, achibale akuti wayamba kuchira. Pamenepo pamafunika okosijeni msanga.

Pa nkhani ya mankhwala, ife a ku Mozambique tili ndi mbali yathu. Chipatala chachikulu cha ku Beira chinali m'gulu la zipatala za mayiko 9 zimene zinachita kafukufuku wa AQUAMAT pa ana 5,425. Zotsatira zinatuluka mu 2010: mwa obayidwa kwinini anamwalira pafupifupi 11 pa 100 alionse, mwa obayidwa artesunate anali osakwana 9. Mu 2011 bungwe la zaumoyo padziko lonse linati artesunate ndiye ayambe kwa ana. Kwinini uja wolizitsa makutu, amene agogo athu amamukumbukira, anatsalira kumbuyo.

Chibayo chenicheni sichinachoke. Mwana atha kukhala ndi zonse ziwiri, ndipo zizindikiro zimafanana kwambiri. N'chifukwa chake anamwino amabaya chala kuyeza magazi, amawerenga mpweya (kufika 50 pa mphindi kwa khanda la miyezi 2 mpaka 11, kapena 40 kwa wa chaka mpaka zaka 5, ndiye kuti wathamanga), ndiponso amaona ngati pansi pa nthiti pakulowa mkati. Mwana wa malungo aakulu amapatsidwanso mankhwala opha mabakiteriya, ngakhale tizilombo ta malungo tapezeka kale.