Zipinda Ziwili, Zina Zidzabwela

Masiku ano pa Facebook pamayenda zithunzi za tunyumba topangidwa ku fakitale, tobwela pa lole m'zidutswa n'kulumikizidwa m'masiku ocepa. Akuti ndiyo nyumba ya mtsogolo: uyamba na kacipinda kamodzi, ndalama zikapezeka uwonjezela kena. Ine nikaona izi nimamwetulila cabe, cifukwa nyumba imene n'nakulilamo ku George inamangidwa motelo, kungoti siinabwele pa lole. Ambuya anayamba na zipinda ziwili. Cacitatu cinabwela amalume atayamba nchito, ndipo mzele pamene mabuloko akale akumana na atsopano ukali kuoneka pa cipupa.

Kamangidwe aka kali na mbili yake. Lusaka inakhala likulu mu 1935, ndipo amene anaijambula anaganizila azungu na minda yawo ya maluwa. Munthu wakuda anali mlendo wobwela kudzaseŵenza. Nyumba inali kubwela na nchito, nchito ikatha nyumba nayo yapita. Nyumba za khonsolo ku Chilenje na ku Matero sizinakwanile, conco anthu anayamba kulipila lendi ya malo pa mafamu a azungu n'kumangapo tunyumba twa dothi. Ndiye cifukwa cake makomboni athu ena ali na maina a anthu, monga George, dzina la George Hadjipetrou amene anali kuumba njelwa kumeneko. Ufulu utabwela mu 1964, anthu anakhamukila mu tauni, ndipo kuciyambi kwa ma 1970 pafupifupi theka la anthu a mu Lusaka anali kukhala m'malo amene lamulo silinali kuwadziŵa.

Kwa zaka zingapo yankho la boma linali kugwetsa. Maganizo anasintha mu 1972, pamene pulani yaciŵili ya citukuko ca dziko inavomeleza kuti nyumba za m'komboni ni cuma cimene anthu anadzipangila okha. Mu 1974 panabwela lamulo latsopano la nyumba, lolola boma kuvomeleza komboni na kupatsa mwininyumba pepala lokhalila pa malowo kwa zaka 30. Caka comweco World Bank inabweleka Zambia madola 20 miliyoni, ndipo khonsolo ya Lusaka inatsegula ofesi yochedwa Housing Project Unit kuti ikonze George, Chawama, Chaisa na Chipata. UNICEF na bungwe la American Friends Service Committee anathandiza kuphunzitsa anchito okambilana na anthu.

Apa ndiye pamene nkhaniyi imanikondweletsa. Mseu sunajambulidwe mu ofesi n'kubwela na thilakita. Anthu a m'komboni na atsogoleli awo anali kuyenda wapansi pamodzi na akatswili, kuloza pamene mseu ungapite, kukangana, kubwelela m'mbuyo, mpaka atamvana. Mukaona mseu wa m'George ukukhota mosadziŵika bwino, nthawi zina ni mkangano wa tsiku limenelo umene mukuyendapo. Amene nyumba zawo zinagwela mu mseu sanaponyedwe kutali. Anapatsidwa puloti pa malo oyandikana na komboni yawo, na nkhongole ya simenti, malata na zitseko, kuti amange zipinda zoyambilila n'kusiya malo a zina. Mpopi unali umodzi pa nyumba 25 zilizonse, nambala yolingana na sekishoni ya cipani ca UNIP. Nyumba 25 izi zinayenela kusamalila mpopi wawo na kukumbutsana za malipilo. Cipani cinali cimodzi cabe masiku amenewo, ndipo acheyamani sanali munthu womutsutsa wamba, conco tisanamizane kuti liwu la aliyense linamveka mofanana. Koma anthu anafunsidwa, ndipo zimenezo si zacizoloŵezi ngakhale lelo.

Cimene cinayenda bwino kwambili ni nyumba zenizenizo. Munthu akadziŵa kuti thilakita siibwela maŵa, amagula simenti. Dothi linacoka, mabuloko analoŵa, thumba limodzi mwezi uno, malata aŵili mwezi wa maŵa.

Cimene cinalephela ni zinthu za onse. Mtengo wa mkuwa unagwa mu 1975 ndipo ndalama za dziko zinayamba kuvuta. Ambili analeka kulipila, akuti tilipilila ciani zinyalala sizitoledwa. Khonsolo nayo inati tikonza na ciani simukulipila. Mipopi inauma umodzi-umodzi, anthu n'kubwelela ku zitsime zosazama, pafupi na zimbudzi zokumba. Pansi pa Lusaka pali mwala wa laimu wa ming'alu, ndipo madzi ali pafupi, conco za m'cimbudzi sizicedwa kufika m'citsime. George inadzapezanso madzi a m'mipopi m'ma 1990 na thandizo la dziko la Japan. Kanyama, imene siinali pakati pa makomboni anayi aja, inamila m'cigumula ca 1978 ndipo imamilabe dzinja lililonse. Kolela ya 2017 inayambila ku Chipata na ku Kanyama, ndipo mu 2024 odwala anagonekedwa mu National Heroes Stadium.

Ku Kalingalinga, kumene boma la Germany linathandiza nchito yofanana m'ma 1980, vuto lake ni lina. Malo anakongola, ali pafupi na UNZA, ndipo manje amene ali na ndalama amagogoda pa zitseko kufuna kugula.

Palinso cina cimene ojambula mapulani sanaciŵelengele bwino. Zipinda zowonjezela sizinakhale za ana cabe, zinasanduka za lendi. Pa puloti ya banja limodzi lelo pali mabanja asanu kapena kuposa, cimbudzi cimodzi, ndipo cikadzala palibe pokumba cina. Nyumba yobwela pa lole ikaikidwa pa puloti yotelo, cimbudzi cake cidzakhalabe comweco, ngalande kulibe, mpopi uli kutali. N'cifukwa cake ine nimaona kuti a 1974 anayambila poyenela, pa pepala, mseu na madzi, cipupa n'kusiyila eni ake.

Pepala lija linali la zaka 30. Amene anapatsidwa kumapeto kwa ma 1970, lawo linatha mphamvu m'ma 2000, ndipo lifunika kukonzedwanso ku khonsolo. Ngati mukhala m'nyumba ya ambuya, funsani amene asunga cikwama ca mapepala kuti lili m'dzina la ndani, ndipo linatha liti.