Ana a ku Gorbals, kaseti yolira ndi magemu okana kukalamba

Pa ngodya ina mumsewu wa Cumberland ku Gorbals, tsidya la kumwera kwa mtsinje wa Clyde mumzinda wa Glasgow, pali zoumba zitatu za tianyamata tovala nsapato zagogoda za amayi awo. Anaziumba ndi Liz Peden mu 2008, potengera chithunzi chimene Oscar Marzaroli anajambula m'dera lomweli mu 1963. Tianyamatato tikusewera pamsewu, chifukwa masiku amenewo mwana wa ku Gorbals analibe kwina kosewerera.

Gorbals linali dera la anthu obwera. Kunadzaza anthu ochokera ku Ireland, ochokera kumapiri a kumpoto kwa Scotland, Ayuda othawa nkhanza kum'mawa kwa Ulaya ndi ena ochokera ku Italy, onse kudzafuna ntchito m'mafakitale a zitsulo ndi a nsalu. Pofika m'ma 1930 derali linali ndi anthu pafupifupi 90,000, othithikana m'nyumba zamiyala zosanja. Mabanja ambiri ankagona, kuphika ndi kudyera m'chipinda chimodzi, chimbudzi n'kumagawana ndi mabanja ena angapo. M'nyumba yotere mwana akangodya amapirikitsidwira panja. Kumeneko ndiye kunali mpira, chibisalirano, kudumpha mizere yolemba ndi choko ndi kukwera makoma a kuseri kwa nyumba mpaka mdima. Mmalawi akamva za mtsinje wa Clyde asaone ngati n'kutali kwenikweni: ukautsata chakumtunda pang'ono umafika ku Blantyre, kwawo kwa David Livingstone, komwe kunachokera dzina la mzinda wathu.

Mu 1957 akuluakulu a mzinda anagamula kuti nyumba zakalezo zigwe. M'malo mwake munamera nyumba zazitali zakonkire, ndipo zotchuka kwambiri zinali za katswiri wolemba mapulani Basil Spence pa Queen Elizabeth Square: nsanjika 20, mabanja 400, zomalizidwa mu 1965. Poyamba anthu anakondwa, poti banja lililonse linapeza bafa ndi chimbudzi chakechake. Koma mayi wokhala pansanjika ya 18 sakanathanso kusuzumira pawindo n'kuitana mwana wake ali pansi, ndipo chikepe chikawonongeka, kutsika kunali ulendo. Nyumba zina zapafupi, zotchedwa Hutchesontown E, zinagwidwa chinyezi ndi chuku moti anthu anasamukamo ndipo zinagwetsedwa mu 1987, zisanakwanitse n'komwe zaka 20. Msewu umene unkalera ana unatha, ana n'kutsekeredwa m'mwamba.

Ndi m'nyengo imeneyi, ntchito zikutha ndipo anthu osowa ntchito ku Britain atapitirira 3 miliyoni, m'mene kanatulukira kabokosi kakuda ka mabatani a labala kotchedwa ZX Spectrum. Kampani ya Clive Sinclair inakatulutsa mu Epulo 1982 pamtengo wa mapaundi 125, ndipo kamphamvuko pang'ono kanali mapaundi 175. Kwa banja limene bambo wachotsedwa ntchito ndalamazi zinali zambiri, komabe makompyuta ena anali odula kuposa pamenepa, ndipo aka sikankafuna zambiri. Unkangokalumikiza ku TV ya m'nyumba ndi ku wailesi yakaseti.

Inde, wailesi yakaseti. Gemu inkabwera pa tepi ngati nyimbo. Ukaiika, wailesi inkalira mokwiyitsa makutu kwa mphindi zingapo, mizere yamitundumitundu ikuthamanga m'mbali mwa TV, ndipo wina akangogunda waya, zonse zinkayambiranso poyambirira. Ana anaphunzira kudekha mokakamizika. Anaphunziranso msanga kuti chimene chili pa tepi chimakopedwa, choncho amene kwawo kunali wailesi ya makaseti awiri anali mfumu ya kalasi. Kwa ana a ku Gorbals msika wa Barras unali pafupi, kungowoloka mtsinje n'kudutsa paki ya Glasgow Green, ndipo msika umenewu unatchuka kwa zaka zambiri ndi magemu okopera, poyamba a pa kaseti, kenako a pa madisiki. Eni magemu ankalira nawo, apolisi ankaupitira, koma m'njira imeneyi gemu imodzi inkafika m'nyumba zambiri zimene sizikanaigula kusitolo.

Kabokosi kamphamvu kaja kankasunga zinthu zokwana makilobaiti 48 okha. Chithunzi chimodzi chojambula ndi foni ya masiku ano sichingakwanemo. Wopanga gemu analibe malo oikamo nkhope zokongola kapena nkhani yaitali, choncho nzeru zake zonse zinkathera pa malamulo a sewerolo. Magemu akale amene akukomabe lero ndi amene malamulo ake anakhwima m'umphawi umenewu.

Si onse, ayi. Manic Miner, imene mnyamata Matthew Smith anapanga mu 1983 asanakwanitse zaka 20, ili ndi mapanga 20 ndipo anthu amene anakula nayo amaitchula ndi ulemu. Koma ndi gemu yankhanza. Ukalakwitsa kudumpha ndi kadontho kamodzi wafa, ndipo miyoyo ikatha ubwerera kuphanga loyamba. Mwana wa 1983 ankapirira poti analibe ina. Wa lero, amene foni yake ili ndi magemu osawerengeka, amaisiya pasanathe mphindi khumi, ndipo sitingamudzudzule.

Gemu ya ku Scotland imene yakanadi kukalamba inabadwira ku Dundee, makilomita pafupifupi 130 kuchokera ku Glasgow. Makompyuta a Spectrum ankapangidwa kumeneko, m'fakitale ya mawotchi ya Timex, momwe ambiri ogwira ntchito anali amayi. Anthu a ku Dundee amakonda kunena moseka kuti mumzindawo Spectrum inkapezeka motchipa modabwitsa, poti ina inkatulukira kukhomo lakuseri. Mnyamata wina wogwira ntchito pa Timex, David Jones, atachotsedwa ntchito anatenga ndalama zomulipira n'kugula kompyuta ya Amiga. Iye ndi anzake amene ankakumana nawo ku kalabu ya okonda makompyuta, Mike Dailly, Russell Kay ndi Steve Hammond, anakhala maziko a kampani yotchedwa DMA Design.

Mu 1989 Dailly ankafuna kuonetsa anzake kuti kamunthu koyenda kangajambulidwe m'kabokosi ka timadontho 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Anajambula timagulu ta tianthu tikuyenda mondondozana n'kumaphwanyidwa, anzake n'kufa nazo kuseka. Mu Febuluwale 1991 nthabwala ija inatuluka ngati gemu ya Lemmings, yofalitsidwa ndi kampani ya Psygnosis ya ku Liverpool, ndipo tsiku loyamba lokha inagulidwa makope 55,000.

Lamulo lake munthu amalimva pa mphindi imodzi. Tizolengedwa ta tsitsi lobiriwira timagwa kuchokera pa kachitseko kam'mwamba n'kuyamba kuyenda. Sitiganiza. Tikagunda khoma timatembenuka, tikafika paphompho timagweramo, tikapeza madzi timamira. Wosewera sangatiuze kolowera. Chimene angachite n'kupatsa kamodzi ntchito: aka kakumbe pansi, aka kamange masitepe, aka kaime n'kutambasula manja kuti anzake abwerere, aka katsegule ambulera potsika. Ntchito zonse zilipo 8, ndipo pa gawo lililonse amakupatsa zowerengeka. Cholinga n'chakuti chiwerengero chimene wauzidwa chikafike pakhomo lotulukira nthawi isanathe. Gawo loyamba limafuna ntchito imodzi yokha, kukumba, ndipo magawo otsatira amaonjezera pang'onopang'ono popanda kukuwerengetsa malangizo. Pofika chakumapeto kwa magawo ake 120, munthu wamkulu ndi ndevu zake amakhala chete kuyang'ana TV, akuwerenga m'mutu kuti omanga masitepe atsala angati.

Chimene chimaisunga Lemmings ndi chisoni chimene imabzala mwa wosewera. Nthawi zina kuti gulu lipulumuke, kamene kanaima n'kutchinga njira kayenera kuphulitsidwa, poti sikangayendenso. Palibe chithunzi chokongola chimene chingaonjezere kanthu pa chiganizo chimenecho, ndipo n'chifukwa chake mwana woigwira koyamba lero amakuwa mofanana ndi wa mu 1991. Mu 2020 a positi ya ku Britain, Royal Mail, anaiika pa sitampa.

Chaka cha 1993 chinatseka nkhani ziwiri pakamodzi. Mu Ogasiti fakitale ya Timex ku Dundee inatsekedwa pambuyo pa sitalaka yowawa ya miyezi ingapo. Pa 12 Seputembala nyumba za Basil Spence ku Gorbals zinagwetsedwa ndi mabomba anthu akuonerera, ndipo mayi mmodzi mwa oonererawo anamwalira atagundidwa ndi chibumu chouluka.

DMA Design inapitirira. Mu 1997 inatulutsa Grand Theft Auto, ndipo pambuyo pake kampaniyi inasanduka Rockstar North ya ku Edinburgh, imene magemu ake apanga ndalama zosasimbika. Koma kunena zoona, Grand Theft Auto yoyambayo yakalamba kuposa Lemmings ngakhale ndi yaing'ono ndi zaka 6. Kuyendetsa galimoto ukuiyang'anira kuchokera kumwamba kumatopetsa, ndipo zonse zimene inkachita, magemu otsatira anazichita bwino koposa. Mu 1997 momwemo yunivesite ya Abertay ku Dundee inayamba kuphunzitsa digiri ya kapangidwe ka magemu, yoyamba ya mtundu wake pa dziko lonse.

Pokamba za Glasgow, mzinda wa matimu a Celtic ndi Rangers, sitingadumphe mpira. Sensible Soccer ya 1992 ili ndi osewera ang'onoang'ono oti nkhope sizioneka, ndipo zonse, kupatsira, kumenya ndi kulanda, zimachitika ndi batani limodzi. Luso lili pa kupinda mpira utachoka kale kuphazi. Magemu a mpira a masiku ano amatha ntchito chaka chikatha, osewera akasintha matimu, pamene iyi anthu akupikisanabe nayo. Mu 2007 gulu la akatswiri lotsogozedwa ndi Henry Lowood wa ku yunivesite ya Stanford linasankha magemu 10 oyenera kusungidwa ngati chuma cha mbiri, ndipo Sensible World of Soccer ya 1994, yotsatira ya Sensible Soccer, inali pa mndandandawo limodzi ndi Tetris.

Tetris ndiye mboni yaikulu. Alexey Pajitnov anaipanga ku Moscow m'kati mwa zaka za m'ma 1980, ndipo inafalikira dziko lonse ndi kamakina kam'manja ka Game Boy mu 1989. Mu 2018 mnyamata wa zaka 16, Joseph Saelee, anagonjetsa Jonas Neubauer, katswiri amene anatenga chikho kasanu ndi kawiri, pa mpikisano wa dziko lonse wa Tetris yakale. Mu Disembala 2023 Willis Gibson wa ku Oklahoma, wa zaka 13, anaisewera mpaka gawo 157 pomwe makina anasokonezeka n'kuima, chinthu chimene munthu anali asanachitepo pa zaka 34. Anyamata awiriwa anabadwa gemuyo itatha kale fasho. Filimu ya 2023 yonena za mbiri ya Tetris anaijambulira ku Scotland, misewu ya Glasgow ndi Aberdeen n'kumaoneka ngati Moscow.

Kwathu kuno njira inali ina. Malawi inalibe wailesi yakanema yakeyake mpaka TVM itayamba mu 1999, choncho nyengo ya Spectrum inatidutsa. Ambiri Tetris anaidziwira pa ka brick game ka mabatire, kogula pamsika, kenako kunabwera Snake ya pa mafoni a Nokia, imene inamaliza mabatire a makolo ambiri. Pambuyo pake m'matauni munatsegulidwa tizipinda ta PlayStation momwe anyamata amalipira kuti amenye mpira kapena nkhonya, ena ataimirira kumbuyo kudikira kuti woluza adzuke. Mmalawi savutika kumvetsa chifukwa chake sewero lakale silitha: bawo ndi thabwa la maenje 32 ndi njere basi, koma palibe amene anadandaulapo kuti likufunika kukonzedwanso chaka chino.

Ku Gorbals, ntchito yomanganso dera la Crown Street inayamba m'ma 1990, ndipo amapulani anabwerera ku nyumba zazifupi zoyang'ana kumsewu, zokhala ndi mabwalo kuseri. Ana a kumeneko lero ali ndi posewerera panja ndiponso mafoni m'matumba. Magemu a makolo awo sanasowe: mu Novembala 2024 kampani ya Retro Games inatulutsanso Spectrum ya mabatani a labala, yolumikiza ku TV zamakono, muli magemu 48 osafuna kaseti.

Amene akufuna kulawa magemu akale koyamba ayambe ndi Tetris ndi Lemmings, ndipo akapeza mnzake woti apikisane naye aonjezere Sensible Soccer. Manic Miner aisiyire tsiku limene mtima uli m'malo.